Wodwala Shuga Athire Chiyani mu Tiyi?

Pa tchuthi chapitachi ndinapita kwathu ku Nsaru, ndipo ndinapeza agogo anga aakazi atangouzidwa kumene ku chipatala kuti ali ndi nthenda ya shuga. Dotolo anawaletsa kuthira shuga mu tiyi ndi m'phala. Abale odzawazonda anadza aliyense ndi nzeru zake. Amalume anabweretsa botolo la uchi, nati, "Amayi, uwu ngwa njuchi, suli ngati shuga wa m'sitolo. Thirani mmene mungafunire." Amayi aang'ono a ku Lilongwe anadza ndi timapiritsi toyera, nati kamodzi kokha kakwanira kapu yonse. Agogo anandiyang'ana, nati, "Iwe mdzukulu wanga, paja uli pa sukulu. Tandiuza, chabwino nchiti?" Ndinangoti kukamwa yasa, pakuti sindinadziwe. Akulu anati safunsa anadya phula, motero nditabwerera kuno ndinafunsa aphunzitsi athu a sayansi ndi kufufuza m'mabuku. Zimene ndinapeza ndi izi.

Nthendayi njotani?

Nsima, mbatata, chinangwa ndi buledi zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga, ndipo shugayo amalowa m'magazi. Kapamba amatulutsa timadzi totchedwa insulini, timene timathandiza shugayo kuchoka m'magazi ndi kulowa m'minofu kuti atipatse mphamvu. Insulini ikachepa, kapena thupi likaleka kuimvera, shuga amangodzazana m'magazi. Munthu amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, amaonda, ndipo zilonda zake sizipola msanga. Akalekerera, maso, impso ndi mapazi zimaonongeka. Kufufuza kumene kunachitika m'Malawi muno mu 2009 kunapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi nthendayi. Tsono tisaiyese ya anthu olemera a m'tauni okha.

Uchi, nzimbe ndi thobwa

Amalume analakwa, ngakhale anachita ndi mtima wabwino. Pa magalamu 100 a uchi, pafupifupi 80 ndi shuga, ndipo magazi safunsa ngati shugayo wachokera mumng'oma kapena m'sitolo. Nzimbe za kudimba nazonso ndi chimodzimodzi, pakuti shuga tigula m'mapaketiyu amafinyidwa ku nzimbe zomwezo ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Shuga wofiirira sasiyana kwenikweni ndi woyera. Thobwa limatsekemera ngakhale osathiramo kanthu chifukwa chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo ogulitsa ambiri amaonjezeramonso wina.

Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 50 a shuga wotere pa tsiku, ndiwo masupuni a tiyi 12, ndipo linati kutsikira pa masupuni 6 nkwabwino koposa. Pa chiwerengero chimenechi linaikapo uchi ndi madzi ofinya a zipatso omwe. Muyeso umenewu ngwa munthu wabwinobwino. Wodwala ayenera kutsata wa dotolo wake. Taganizani tsono kuti botolo limodzi la zakumwa zotsekemera la 300 ml lingakhale ndi masupuni 7 kapena 8.

Chipatso chathunthu monga gwafa kapena chidutswa cha papaya nchabwinopo, chifukwa zamkati mwake zimachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Komatu kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi kumaliza dengu lonse nkudziputira tsoka. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Nanga timapiritsi tija?

Timeneti timanyenga lilime kuti limve kutsekemera, koma sitikweza shuga m'magazi. Mitundu yake njambiri. Wakale kwambiri ndi saccharin, amene Constantin Fahlberg anatulukira ku Baltimore, ku America, mu 1879. Amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 300. Aspartame anapezedwa ndi James Schlatter mu 1965, ndipo amaposa shuga ka 200. Sucralose anapezedwa ku London mu 1976, ndipo amaposa ka 600. Palinso stevia, wochokera ku masamba a kachitsamba ka ku Paraguay, kamene anthu a mtundu wa Guarani akhala akutsekemeretsa nako zakumwa zawo kuyambira kale. Stevia ndiye tingamutche wachilengedwe wosakweza shuga, osati uchi ayi.

Kodi timeneti tilibe choopsa? Mu July 2023 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika aspartame m'gulu la zinthu zimene mwina zingadzetse khansa, koma inanena kuti umboni wake ngwochepa. Nthawi yomweyo akatswiri oyesa zothira m'zakudya anasiya muyeso wake monga unalili, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Munthu wolemera makilogalamu 70 angaupitirire pokhapokha atamamwa zitini zoposa 9 mpaka 14 za chakumwa chotere tsiku lililonse. Agogo a kapu ziwiri za tiyi ali kutali nazo zimenezo.

Mu May chaka chomwecho WHO inalangizanso kuti anthu asadalire zotsekemeretsazi pofuna kuchepetsa thupi, pakuti sizioneka kuti zimathandiza pakapita nthawi yaitali. Langizo limeneli silinakhudze anthu amene ali kale ndi nthenda ya shuga. Ife ophunzira amene sitidwala, tilibe chifukwa chozithamangira. Dziwaninso kuti masiwiti ena olembedwa kuti alibe shuga amakhala ndi sorbitol, amene amatsegula m'mimba munthu akadya ambiri.

Chenjezo lalikulu

Apa mpofunika kutchera khutu. Munthu wobaya insulini kapena womwa mapiritsi ena a shuga, monga glibenclamide, akachedwa kudya kapena akalima nthawi yaitali, shuga wake angatsike kopitirira. Amanjenjemera, amatuluka thukuta, amalankhula zosokonekera, ndipo angakomoke. Pamenepo timapiritsi totsekemera tilibe ntchito konse, chifukwa mulibe shuga. Ngati akutha kumeza, mpatseni msanga masupuni a tiyi 3 a shuga weniweni m'madzi, kapena uchi womwe uja, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mgonekeni cham'mbali ndi kuthamangira naye ku chipatala. Choncho m'nyumba ya wodwala musasowe kashuga kosungira tsiku lotere.

Zimene ndinawalembera agogo

Ndinawauza kuti uchi ausunge wa tsiku la ngozi, ndipo kapiritsi kamodzi mu tiyi sikangawapweteke ngati dotolo wavomera, koma si mankhwala ochiza. Pamene pagona nkhani ndi pa mbale ya nsima. Mitanda ichepe. Ndiwo zichuluke, monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi nyemba. Mankhwala a ku chipatala asawasiye chifukwa cha mizu ya munthu wa pa msika. Agogo anayankha kuti tsopano akumwa tiyi wopanda kanthu, ndi kuti lilime linayamba ladandaula koma lazolowera.

Anzanga, tikatsekera sukulu tiyeni tikayang'ane makolo athu. Mukaona wina akumwa madzi kosalekeza ndi kudzuka kawirikawiri usiku, mulimbikitseni akayezetse magazi ku Kabudula, kapena ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chimene chakhala chikuthandiza anthu a dera lino kuyambira 1959. Kuyezako ndi kadontho kamodzi ka magazi a pa chala. Ndipo agogo anu akadzakufunsani monga anandifunsira ine, musadzachite manyazi amene ndinachita.

Wophunzira wa Fomu 3