Thope la mu Domasi ndi nkhani ya mafuta a pansi pa nyanja

Mvula ikagwa ku mapiri a Zomba ndi Malosa, taonani mmene madzi a mu Domasi amafiirira. Thope limenelo likupita ku Chilwa kukakhazikika pamwamba pa la chaka chatha. Nkhani ya mafuta imayambira pa thope lotere.

M'nyanja, ndere ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso tikafa timakwiririka m'matope momwe mulibe mpweya, choncho sitiwola. Matope ena akamaunjikana pamwamba kwa zaka mamiliyoni, kulemera ndi kutentha kwa pansi kumaphika zotsalirazo mpaka kusanduka mafuta, ndipo kutentha kukapyola zimasanduka gasi. Komatu mafuta ndi opepuka kuposa madzi, amakwera. Amafunika mwala wa mchenga wokhala ndi timibowo woti alowemo, ndi thanthwe losadutsa kanthu pamwamba pake ngati chivundikiro cha mphika. Chivundikiro chikasowa, mafuta amathawa.

Ofufuza sangaone zimenezi ndi maso. Sitima imatumiza phokoso pansi, makina n'kumvetsera mmene likubwerera, kenako kompyuta imajambula mmene miyala inasanjikizirana. Chithunzicho chimangoloza malo. Umboni ndi kuboola, ndipo zitsime zambiri zimatuluka zouma.

Anzathu a ku Mozambique anaboola. Mu 2010 kampani ya Anadarko inapeza gasi wochuluka m'nyanja ya mchere ku Cabo Delgado, kufupi ndi kumene mtsinje wa Rovuma umathira. Gasi woyamba wa m'deralo anatumizidwa kunja mu 2022. Werengani nokha zakazo.

Kwathu kuno, boma linapatsa kampani ya ku Britain ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta pa nyanja ya Malawi mu 2011, ndipo chaka chotsatira mkangano wa malire ndi Tanzania unabukanso. Ena m'kalasi amandifunsa kuti tilemera liti. Chilolezo si mafuta, ana inu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china. Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake amatenga zaka mazana kuti asinthike. Mafuta atatayikira mmenemo, chambo ndi usipa zilibe kothawira. M'kalasi tinaphunzira za amana, chinthu chimene munthu wangosungitsidwa. Sabata ya mawa, insha Allah, aliyense abwere ndi botolo la madzi a mu Domasi, tidzalikhazike pa windo tione chimene chiyambe kutsika, mchenga kapena thope.