Sankhani kiyibodi ndi zala, osati ndi maso

Makiyibodi ambiri otchedwa a magemu amakopa anthu ndi nyale zophethira mitundumitundu. Nyalezo sizipambanitsa gemu, ndipo pa laputopu zimangodya batire lomwe mudzalifune magetsi akazima. Chofunika chili pansi pa mabatani, choncho yambirani pomwepo.

Funsani kaye ngati kiyibodiyo ndi ya membrane kapena ya mechanical. Ya membrane, monga zija zimabwera ndi makompyuta a m'maofesi, ili ndi mphira umodzi woyalidwa pansi pa mabatani onse. Ndi yotchipa, siisokosa, ndipo polemba makalata ilibe vuto. Pa ya mechanical, batani lililonse lili ndi swichi yakeyake yokhala ndi kasipuling'i mkati. Wogulitsa akamazungulira, mupempheni azule batani limodzi. Mukaona kamtanda kapulasitiki kofiira, kabuluu kapena kabulawuni, ndi ya mechanical. Mukaona kamphira kotukumuka, ndi ya membrane, kaya pakatoni alembapo zotani.

Mtundu wa kamtandako uli ndi tanthauzo. Inayambitsa zimenezi ndi kampani ya ku Germany ya Cherry, yomwe inatulutsa maswichi a MX m'zaka za m'ma 1980, ndipo makampani a Gateron, Kailh ndi Outemu amatsata mitundu yomweyo. Yofiira imatsika myaa, popanda chogunda, ndi kulemera kwa magalamu pafupifupi 45 okha. Osewera amaikonda chifukwa kudina W, A, S ndi D mobwerezabwereza sikutopetsa zala. Yabuluu imalira kuti tcha, tcha, nthawi iliyonse mukadina. Imakoma polemba, koma m'nyumba ya zipinda ziwiri ana ali mtulo, kapena muofesi yokhalamo ambiri, mudana ndi anthu. Yabulawuni ili pakati: chala chimamva kabampu batani likagwira, koma phokoso ndi lochepa. Kwa munthu wolemba malipoti masana n'kusewera usiku pa kiyibodi yomweyo, ine ndimati atenge yabulawuni.

Kenako iyeseni musanatulutse ndalama. Tsegulani Notepad, panikizani mabatani a Shift onse awiri osachotsapo zala, n'kulemba zilembo kuyambira A mpaka Z. Pa makiyibodi ambiri otchipa zilembo zina sizituluka, chifukwa mabatani amagawana mawaya mkati, ndipo angapo akadinidwa limodzi ena samveka. Polemba kalata simungazindikire. Koma mu gemu, mukuthamanga ndi W ndi Shift, mwafika pa dzenje, mwadina Space kuti mudumphe, munthu wanu angogweramo. Kuti mupewe vutoli, pakatoni fufuzani mawu akuti N-key rollover.

Kukula kwake kumatengera ntchito yanu. Yathunthu ili ndi mabatani 104, ndipo ngati mumakhalira kulowetsa manambala mu Excel, musaisiye. Ya TKL ili ndi 87, ilibe mabatani a manambala a kumanja aja, motero mausi imapeza malo oyenda. Ya mabatani 61 ndi yokongola patebulo, koma ilibe mivi ngakhale mzere wa F1 mpaka F12, ndipo pantchito idzakusowetsani mtendere.

Onaninso kayalidwe ka zilembo, makamaka mukamagula yakaunjika. Ya ku America ili ndi @ pa batani la 2, pomwe ya ku Britain ili ndi £ pa 3 ndi Enter wamtali. Zonse ndi zabwino, bola mu Windows musankhe yofanana ndi yomwe mwagula. Ife olemba Chichewa tipewe ya United States-International, chifukwa ukalemba ng'ombe imakutulutsira ngómbe. Chilembo cha ŵ palibe batani lake, koma mu Word lembani 0175 n'kudina Alt ndi X.

Pa magemu tengani ya nthambo. Bluetooth imachedwerako pang'ono, ndipo ngati nthambo simuifuna, sankhani yokhala ndi kachida kake ka USB ka 2.4 GHz.

Pomaliza ganizirani fumbi. Likalowa mu swichi, batani limayamba kulemba chilembo kawiri kapena kukana kumene. Pa kiyibodi yolembedwa kuti hot-swap mumangozula swichi yofayo ndi kopanira kake n'kulowetsa ina, osapita kowotcherera. Gulirani limodzi maswichi angapo apadera, ndipo mukamaliza ntchito muziifunditsa kansalu.