MADZI A DIRIPI

Mukapita kukazonda wodwala ku cipatala cacikuru ca ku Chipata, kapena ca St Francis ku Katete, mudzaona matumba a madzi atapacikidwa pa citsulo pafupi ndi kama. Madziwo amatsika dontho limodzi-limodzi m'kapaipi, nalowa mumtsempha wa pamkono wa wodwala. Imeneyo ndiyo diripi.

Kodi madziwo ali ndi nchito yanji? Thupi la munthu wamkuru likagawidwa pasanu, pafupi-fupi magawo atatu ndiwo madzi. Munthu akamatsegula m'mimba ndi kusanza, monga acitira wodwala kolera, madziwo amatha pamodzi ndi mcere wa m'thupi. Maso amalowa, lilime limauma, magazi amacepa, ndipo mtima umalephera kuwayendetsa. Wotere angathe kufa tsiku lomwelo. Popeza akamwa asanza, anamwino amampatsa madzi mumtsempha.

Madzi a diripi sali a pacitsime ai. Amakonzedwa ku fakitale, ndipo alibe tizirombo konse. Ena ali ndi shuga, ena mcere. Mu lita imodzi ya madzi amcere muli magalamu 9 a mcere, kuti agwirizane ndi magazi. Namwino amawerenga madontho mosamala, pakuti madzi akacuruka amalemetsa mtima ndi kudzaza mapapo. Cifukwa cace wozonda matenda asayerekeze kukhudza diripi.

Nzeru imeneyi anaiyamba dotolo wina, Thomas Latta, ku Leith m'dziko la Scotland m'caka ca 1832, pamene kolera inali kupulula anthu kumeneko. Kuno ku Zambia kolera inabukanso mu 2023, ndipo mu 2024 bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Ambiri anacira ndi madzi omwewa.

Tsono ana inu, mng'ono wanu akayamba kutsegula m'mimba, auzeni makolo kuti amumwetse madzi a ORS pang'ono-pang'ono ndi kuthamangira naye ku cipatala. Akuru-akuru anati, zengerezu analinda kwau-kwau.

MAFUNSO

1. Kodi munthu amene madzi amthera m'thupi amaoneka bwanji?
2. Mu lita imodzi ya madzi amcere muli mcere wocuruka bwanji?
3. Cifukwa ninji namwino amawerenga madontho?
4. Ndani anayamba kupereka madzi mumtsempha, ndipo kunali kuti?