Mphika wa Orzo ndi Nkhawa za Mtengwa

Azakhali okondedwa,

Ndinakwatiwa kubanja la Chitaliyana kuno ku Bedford, ndipo Lamlungu lapitali, pofuna kusangalatsa apongozi anga aakazi, ndinawaphikira orzo wa tchizi, pasta wa timaso ting'onoting'ono tonga mpunga, kuti adyere nkhuku yootcha. Ndinathira madzi, n'kuvundikira, n'kuusiya monga ndimachitira ndi kilombero. Pansi panapserera, pamwamba panagwirana, tchizi n'kuchita mibulu. Apongozi anadya osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kukundisowetsa tulo. Kodi sandiyesa mkazi wosalangizidwa?

Mtengwa wamanyazi, Bedford

Mwana wanga,

Khazika mtima pansi, pakuti ngakhale maso ako anaona mpunga ndipo manja ako anachita mokhulupirika zimene anaphunzira kwa amayi ako, chimene chinali mumphikamo ndi tirigu wa mtundu wa durum, amene akamawira amatulutsa ukhowa (sitachi) wambiri, ndipo ukhowa umenewo, ukasowa mthiko woutakasa, umatsikira pansi nukangamira, koma ukausamala ndiwo umene umasandutsa msuzi kukhala wonona ndi wosalala.

Tsono uchite motere. Usungunule batala pang'ono, ukazingemo anyezi ndi adyo kufikira atafewa, kenaka uthiremo magalamu 200 a orzo ndi kumukazinga mphindi ziwiri mpaka ayambe kufiirira. Uthire theka la lita la msuzi wa nkhuku wotentha, uchepetse moto, ndipo usavundikire, koma uime pomwepo ukutakasa kawirikawiri kwa mphindi 8 kapena 10. Msuzi ukauma timaso tisanafewe, uwonjezere wina pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Timaso tikafewa koma tisanaphwanyike, uthire masipuni anayi a kirimu, uphule mphika, ndipo pokhapo uwazemo magalamu 50 a tchizi, dzanja lina likuwaza, lina likutakasa.

Pa tchizi ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa moto waukali umaumitsa tchizi nulekanitsa mafuta ake, ndipo mibulu ija imabadwa motero. Ugule chigamphu cha Parmigiano Reggiano, amene amasungidwa miyezi yosachepera 12 asanagulitsidwe, ukachipale wekha kukhala tinyenyeswa tosalala, popeza wopalapala wa m'mapaketi kawirikawiri amamuthira ufa woletsa kugwirana, umene umamulepheretsa kusungunuka bwino. Mchere ulawe pomaliza, poti tchizi ndi msuzi zili nawo kale. Ndipo upereke chakudyacho chikali chotentha, pakuti chikazizira chimalimba, ngakhale mkaka wofunda pang'ono umachifewetsanso.

Kunena za apongozi ako, usaweruze mtima wawo usanaumve. Ataliyana ambiri a ku Bedford ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka kummwera kwa Italy m'zaka za m'ma 1950 kudzagwira ntchito youmba njerwa, kotero ulendo ndi zowawa zake amazidziwa, ndipo mayi amene wadya chopserera osadandaula angakhale akukubisira manyazi, osati kukunyoza. Upite kwawo ndi paketi ya orzo m'manja, uwauze mwaulemu kuti mphika uja unakukanika, nuwapemphe aime nawe pamoto kuti uone mmene dzanja lawo limayendera. Mayi wachikulire sakana kuphunzitsa mkazi wa mwana wake, ndipo safunsa anadya phula.

Ndine,
Azakhali ako