Usanalembe m'Chidole, Yamba Wachiwerenga

Mphwanga, ukagula chidole cha loboti pa kaunjika n'kufuna kuti chizimvera iwe osati amene anachipanga, dziwa kuti kumasula masikuluwu ndi ntchito yochepa. Mkatimo muli kachipu, ndipo m'kachipumo muli pulogalamu yotchedwa firmware, imene imauza mota nthawi yozungulira ndi nyali nthawi yoyaka. Ambiri amathamangira kulembamo zawo, chidole n'kufera pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usanadule waya ndi mmodzi yemwe, jambula bolodi yonse ndi foni mbali zonse ziwiri. Werenga nambala yolembedwa pa chipu, ufufuze datasheet yake pa intaneti. Kenako tenga multimeter, upeze GND, uyeze mphamvu. Machipu ambiri amasiku ano amayendera mavoti 3.3, ndipo ukawapatsa 5 ukhoza kuwawotcha. Yang'ananso timabowo tosalumikizidwa tondandalikana m'mphepete mwa bolodi. Nthawi zambiri ndi UART, JTAG kapena SWD, njira zimene mainjiniya ankayesera chidolecho ku fakitale.

Ukapeza polowera, ntchito yoyamba ndi kukopera firmware yonse. Kopera kawiri, ufananize mafayilowo, ndipo usunge imodzi pamalo pamene sudzaikhudza. Samala ndi machipu okiyidwa: pa ena, monga a STM32, kuchotsa loko kumafufuta zonse zimene zinali mkati. Ukaona chipu chokwiriridwa ndi phula lakuda lolimba, monga mu Furby woyamba wa 1998, kawirikawiri pulogalamu yake inaumbidwira momwemo ndipo silembedwanso. Usataye nthawi. Chotsa bolodiyo, uike Arduino kapena ESP32, uyendetse mota ndi masensa omwewo.

Amene anatsegula njirayi anali anthu odekha. Lego itatulutsa Mindstorms mu 1998, Kekoa Proudfoot, wophunzira wa ku Stanford, anafufuza mmene kabokosi ka Mindstorms kotchedwa RCX kamagwirira ntchito ndi purosesa yake ya Hitachi H8, n'kulemba zonse kuti ena aone. Markus Noga anapitiriza n'kupanga legOS, firmware yatsopano. RCX inali yokhululuka, chifukwa firmware inkakhala mu RAM. Ukalakwitsa, unkangochotsa mabatire n'kuyambiranso. Chidole chako mwina sichidzakukhululukira chotero, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kopeyo.

Palinso nkhani ya umwini. Lego inawalola anthuwa, ndipo pa Mindstorms NXT ya 2006 inaika poyera code ya firmware yake. Sony inachita mosiyana. Mu 2001 inalembera kalata munthu wodziwika ndi dzina loti AiboPet, yemwe anachititsa galu wa loboti wa Sony wotchedwa AIBO kuvina, ponena za lamulo la ku America la DMCA, popeza mwa zimene ankagawa munali mapulogalamu a kampaniyo osinthidwa. Choncho gawa zimene waphunzira ndi code imene walemba wekha, koma firmware ya eni ake ikhale pa kompyuta yako.

Khala ndi kabuku. Lembamo waya aliyense, muyezo uliwonse ndi chilichonse chimene wasintha, ndipo uzisintha chinthu chimodzi pa nthawi kuti chikalakwika udziwe pobwerera. Batire ya lithium usaiboole kapena kuitenthetsa, imayaka moto. Ndipo ukakwanitsa kuti kamota kamodzi kazungulire pa lamulo lako, itana mnzako umuonetse mmene wachitira, kuti mudzakhale awiri odziwa.