Voti ya Wosoka Nsapato: Phunziro la ku Midzi ya India

Phunziro la sabata ino litifikitsa kutali pang'ono, ku midzi ya ku India.

Kumeneko munthu amabadwira m'gulu lotchedwa jati, ndipo kuyambira kale gululo ndilo limanena ntchito imene adzagwire, amene adzakwatirane naye, ngakhale chitsime chimene adzatungepo madzi. Apansi penipeni ndi a Dalit: osenda zikopa, osoka nsapato, okolopa zimbudzi, anthu amene ena ankati ukangowakhudza wadetsedwa. Malamulo aakulu a dzikolo a 1950 adathetsa tsankho limeneli, ndipo amene adatsogolera komiti yowalemba, B. R. Ambedkar, adali m'Dalit. Komatu lamulo lidali pa pepala ku Delhi, pamene minda idali m'manja mwa eni ake akale omwe aja.

Chomwe chidagwedeza zinthu ndi kuchuluka kwawo. Pa tsiku la chisankho, voti ya wosoka nsapato imalemera chimodzimodzi ndi ya mwini munda. Mu 1990 nduna yaikulu V. P. Singh idavomera zimene komiti ya Mandal idalangiza, zoti ntchito 27 pa 100 zilizonse za boma lalikulu zisungidwire magulu otsalira, monga oweta ng'ombe ndi alimi ang'onoang'ono. Chaka chomwecho Lalu Prasad Yadav, wa gulu la oweta ng'ombe, adayamba kulamulira chigawo cha Bihar. Mu 1995 Mayawati, mayi wa gulu la ogwira ntchito ya zikopa, adakhala mtsogoleri wa Uttar Pradesh, chigawo chokhala ndi anthu ambiri kuposa china chilichonse m'dzikomo.

Ine ndimaona kuti chachikulu chidachitikira m'mudzi mwenimweni. Lamulo la 1992 lidati m'makhonsolo a midzi, otchedwa panchayat, mipando ina isungidwire a Dalit molingana ndi chiwerengero chawo, ndipo mpando umodzi pa itatu ukhale wa amayi. Tangoganizani: mwini munda akupita kukapempha siginecha kwa mwana wa waganyu wake. Ena zidawakanika kumeza. Pa 30 Juni 1997, ku Melavalavu m'chigawo cha Tamil Nadu, anthu adaimitsa basi n'kupha Murugesan, m'Dalit amene adasankhidwa kukhala wapampando wa khonsolo, pamodzi ndi anzake. Mu 2020, m'boma la Cuddalore, chithunzi chidafala cha wapampando wamkazi wachi Dalit atakhala pansi pa msonkhano wa khonsolo yake, ena onse ali pa mipando. Wasankhidwa ndithu, koma pokhala alibe.

Mwina wina akuti, "Aaa, zimenezo n'za Ahindu." Inenso ndinkaganiza choncho. Ku madrasa tidakula ndi nkhani ya Bilal (RA), kapolo womasulidwa amene Mtumiki (SAW) adamusankha kuti aziitana azana, ndiye ndinkati pakati pa Asilamu zotere sizingapezeke. Zilipo, abale anga. Asilamu a ku India amagawidwa m'magulu a Ashraf, odzitcha ochokera ku Arabia, Persia kapena pakati pa Asia. Ajlaf, monga oomba nsalu ndi ometa tsitsi. Ndi Arzal, ogwira ntchito zonyozeka zija. Pa swala mapewa amagundana bwinobwino, koma pa nikah amafunsa kaye gulu, ndipo m'midzi ina ngakhale manda ndi osiyana. Astaghfirullah.

Nawonso apansiwa adadzuka. Mu 1998 mtolankhani Ali Anwar adayambitsa bungwe la Pasmanda Muslim Mahaz ku Patna; mawu oti Pasmanda amatanthauza osiyidwa m'mbuyo. Dandaulo lawo n'loti Asilamu ambiri ndi iwowo, koma oyankhula m'dzina la Asilamu onse nthawi zambiri amakhala a Ashraf.

Ali ndi dandaulo linanso kwa boma. Lamulo la pulezidenti la 1950 lidati mwayi wosungidwira a Dalit ndi wa Ahindu okha. Asikh adawonjezeredwa mu 1956, Abuda mu 1990, koma Msilamu wokolopa zimbudzi sawerengedwa. Mu 2022 boma lidakhazikitsa komiti yotsogoleredwa ndi K. G. Balakrishnan, yemwe adakhalapo mkulu wa oweruza milandu, kuti iunike nkhaniyi.