MSONKHO WA PA MTAYA: ZINYALALA ZIMENE ZIMALIPIRA MAPHUNZIRO

Matenda ambiri amene amabweretsa anthu ku chipatala amayambira pa zinyalala. Pa dzala losasamalidwa pamaswana ntchentche zimene zimanyamula tizirombo ta kamwazi, kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba. M'zitini ndi m'matayala akale mumadikha madzi a mvula, ndipo udzudzu umaikiramo mazira. Makoswe naonso amapeza chakudya ndi pobisala pomwepo. Kuti zinyalala zisamalidwe bwino pamafunika anthu odziŵa chochita, ndipo kuphunzitsa anthu kumafuna ndalama. Phunziro la mwezi uno likufotokoza m'mene anthu a dera lina la ku America anapezera ndalamazo kuchokera ku zinyalala zomwezo.

MTAYA NDI KUOPSA KWAKE

M'mizinda ikuluikulu zinyalala za m'nyumba, m'masitolo ndi m'mafakitale zimatengedwa pa magalimoto kupita ku mtaya. Kumeneko zimatsinderedwa ndi makina, kenaka nkukwiriridwa ndi dothi. Ngakhale zikwiriridwe chotero, kuopsa kwake sikutha. Madzi a mvula akadutsa m'zinyalala amasanduka akuda ndi apoizoni, ndipo angathe kuloŵa pansi nkuononga madzi a m'zitsime. Zakudya ndi masamba zikamaola popanda mpweya wabwino zimatulutsa mpweya wa methane, umene umayaka moto. Komanso mtaya uliwonse umadzaza, ndipo palibe mudzi umene umakondwa kuti mtaya watsopano ukhale pafupi nao. Nchifukwa chake njira yabwino koposa ndi kuchepetsa zinthu zopita ku mtaya.

ZIMENE ANACHITA KU ALAMEDA

M'chaka cha 1989 boma la California, chimodzi mwa zigawo za dziko la America, linakhazikitsa lamulo lakuti mizinda ichepetse zinyalala zopita ku mtaya ndi magawo 25 pa 100 aliwonse pofika 1995, ndiponso ndi theka pofika 2000. Chaka chotsatira, mu 1990, anthu a m'dera la Alameda, m'mene muli mizinda ya Oakland ndi Berkeley, anavomereza pa chisankho lamulo lao lotchedwa Measure D. Lamuloli linaika msonkho umene unayambira pa madola 6 pa tani iliyonse ya zinyalala zotayidwa ku mtaya. Tani ya kumeneko ndi makilogalamu 907, ndiye kuti kulemera kwa matumba 18 a chimanga a makilogalamu 50.

Kutolera msonkho wotere nkosavuta, chifukwa galimoto iliyonse imayezedwa pa sikelo poloŵa ku mtaya. Theka la ndalamazo linkagaŵidwa ku mizinda molingana ndi chiŵerengero cha anthu ake, kuti lithandize pa ntchito yochepetsa zinyalala ndi kukonzanso zinthu zotha ntchito.

M'dera lomwelo, pafupi ndi mzinda wa Livermore, muli mtaya waukulu wa Altamont. Pamene eni ake anafuna kuukulitsa, mizinda yoyandikana nao ndi mabungwe oteteza chilengedwe monga Sierra Club anakana, ndipo nkhaniyo inafika ku bwalo la milandu. Mu 1999 mbali zonse zinagwirizana. Mfundo imodzi ya mgwirizanowo inali yakuti pa tani iliyonse pazidulidwa ndalama pang'ono zoika m'thumba lapadera la maphunziro. Anasankhanso komiti yoyang'anira thumbalo ndi kugaŵa ndalama kwa masukulu ndi mabungwe amene apempha.

NTCHITO YA NDALAMAZO

Ntchito yoyamba ndi kuphunzitsa anthu, makamaka ana a sukulu, kulekanitsa zinyalala zisanatayidwe. Mapepala, mabotolo, zitini ndi zotsala za chakudya zikasakanizidwa, zonse zimasanduka uve wopanda phindu. Koma zikaikidwa pazokhapazokha, mapepala amapangidwanso mapepala ena, mabotolo ndi zitini zimasungunulidwa ku fakitale, ndipo zakudya ndi masamba zimasanduka manyowa. Mwana amene wazoloŵera zimenezi ku sukulu amakaphunzitsanso makolo ake kunyumba.

Ntchito yachiŵiri ndi kuphunzitsa anthu luso lopezera ntchito pa kukonzanso zinthu. Kusankha zinyalala si ntchito yongoiyamba popanda kuphunzira. M'zinyalala mumapezeka magalasi osweka, singano za jakisoni, mabatire ndi zitini za mankhwala ophera tizirombo. Munthu wosaphunzitsidwa angathe kuchekedwa nkudwala kafumbata, kapena kubayidwa ndi singano nkutenga matenda a chiwindi. Wophunzitsidwa amadziŵa kuvala magolovesi ndi jombo, kupatula zinthu zoopsa, ndi kusamba m'manja ndi sopo asanadye. Motero maphunziro amateteza moyo wa wantchito pamene akumpatsa njira yodyetsera banja lake.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti wotaya zambiri amalipira zambiri, choncho aliyense amakhala ndi chifukwa chochepetsera zotaya zake. Koma ili ndi vuto lake: maphunziro akagwira ntchito bwino, zinyalala zopita ku mtaya zimachepa, ndipo ndalama za m'thumba zimachepanso. Oyang'anira thumba lotere ayenera kuyamba ndi maphunziro amene adzapitirira ngakhale ndalama zitachepa, monga kuphunzitsa aphunzitsi.

PHUNZIRO KWA ANTHU A KUMUDZI

Kumudzi kulibe sikelo yoyezera magalimoto a zinyalala, koma mfundo yake ndi yothandiza ndithu. M'misika yambiri ya m'Malaŵi amalonda amadula chiphaso tsiku ndi tsiku. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, pamodzi ndi mafumu, ingathe kukambirana ndi akuluakulu a khonsolo kuti gawo la ndalama zimenezi lithandize kukumba maenje a zinyalala, kugula zodzitetezera za osesa mumsika, ndi kuphunzitsa amalonda.

Pakhomo napo banja lililonse liyenera kukumbukira izi:

1. Makoko, masamba ndi phulusa aziikidwa m'dzenje la manyowa.
2. Zitini zibooledwe pansi kuti musadikhe madzi.
3. Magalasi osweka akwiriridwe m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime ndiponso kumene ana saseŵera.
4. Mapulasitiki asatenthedwe pafupi ndi nyumba, chifukwa utsi wake umaononga mapapo.
5. Zitini ndi mabotolo a mankhwala ophera tizirombo asasungiremo madzi, mchere kapena mafuta ophikira.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Nchifukwa ninji msonkho wa pa mtaya umaŵerengedwa pa kulemera kwa zinyalala?
2. Ndi ngozi ziti zimene munthu wosankha zinyalala angakumane nazo?
3. Kodi ndalama za ziphaso za pamsika zingathandize bwanji ukhondo wa m'mudzi?